Ma cactus anga sachita maluwa, ndipo wa mutu wofiira amangoola. Ndikulakwitsa pati?

FUNSO

Ndimakhala ku Blantyre. Ndili ndi ma cactus khumi ndi awiri m'timiphika pazenera la pabalaza, ena ndakhala nawo zaka zinayi. Ndimawathirira Loweruka lililonse, koma palibe ndi mmodzi yemwe anachitapo duwa. Ena atalika n'kuonda kumutu ngati chala. Wa mutu wofiira uja ndagula kawiri, ndipo kawiri konse waola m'munsi. Mchemwali wanga amene ali ku Britain akuti ndizisiya kuthirira kuyambira Okutobala mpaka Malichi. N'zoona zimenezi? Nanga ndingathe kukwatitsa ndekha ma cactus monga momwe anthu amachitira ndi mango?

YANKHO

Mayi, ndiyambe ndi mawu a achemwali anuwo, chifukwa ndi pamene pagona nkhani. Sanakunamizeni, koma akuuzani za kwawo komwe ali. Ku Britain chisanu chimagwa kuyambira cha mu Novembala mpaka Malichi, ndiye osunga ma cactus kumeneko amawamana madzi miyezi imeneyo kuti apume. Kuno miyezi yomweyo ndi ya kutentha ndi mvula, nthawi imene cactus wanu ali maso, akufuna kumwa ndi kukula. Mukawamvera mwezi ndi mwezi, mudzamumana madzi pamene ali ndi ludzu, n'kumamuthirira mu Juni ali m'tulo. Tengani lamulo lawolo, koma mulisunthe ndi miyezi isanu ndi umodzi. Kwa ife nthawi yopuma ndi kuyambira pakati pa Meyi mpaka cha kumapeto kwa Ogasiti.

Ma cactus ambiri amene anthu timasunga m'miphika amakonza maluwa awo nthawi yomwe akuoneka ngati sakuchita kanthu. Kuzizira kwa usiku, dothi louma ndi masana afupi ndiye chizindikiro chimene amadikira. Inu mwakhala mukuwathirira Loweruka lililonse chaka chonse, m'chipinda chimene Juni ndi Okutobala sasiyana kwenikweni. Kwa iwo chaka sichinatembenukepo chifikireni kwanu. Akungokhala mwezi umodzi wautali wosatha, ndipo mwezi umenewo si wa maluwa.

Kuonda kumutu kuja ndi njala ya dzuwa. Ife tikalowa pabalaza pali zenera lalikulu timati pakuwala, koma kwa chomera chochokera ku mapiri a Mexico kapena Bolivia pamenepo ndi m'phanga. Chimatalika kufunafuna kuwala, khungu limatuwa, minga imatuluka yochepa ndi yofooka. Gawo limene laonda silidzanenepanso, lidzakhala khosi lopyapyala mpaka kalekale. Mukafuna, pamene wayambanso kukula bwino mutha kudula mutu wabwinowo pamwamba pa khosilo, kuuyanika pamthunzi milungu iwiri kapena itatu kuti bala liume, kenaka n'kuukhazika pa mchenga wouma kuti uphuke mizu yake. Chitsa chotsalacho musataye, chimaphuka ana.

Choncho atulutseni panja, koma osati tsiku limodzi. Cactus amene wakhala m'nyumba zaka zinayi akapsa ndi dzuwa la Okutobala amachita zipsera zoyera kapena zachikasu zimene sizichoka. Yambani ndi pakhonde pamene pamafika dzuwa la m'mamawa lokha, ndipo muzimuonjezera pang'onopang'ono kwa milungu itatu. Neti yakutha, yong'ambika kale, imatchinga bwino dzuwa la masana. Khonde loyang'ana kum'mawa ndi labwino chaka chonse. Loyang'ana kumpoto limapindula nthawi yozizira, chifukwa miyezi ya Juni ndi Julayi dzuwa kuno limadutsa chakumpoto. Mabuku olembedwa ku Ulaya amati zenera la kum'mwera, ndipo apanso muyenera kutembenuza.

Panja pali mdani wake, makamaka kwanu ku Blantyre. Mvula ya Januwale ikagwa masiku asanu osalekeza, mphika suuma ndipo mizu imaola. Choopsa kuposa apo ndi chiperoni. Kamvula kaja kowaza ka mu Juni ndi Julayi kamabwera ndi kuzizira, ndipo cactus amapirira kuzizira ali wouma, amapiriranso madzi kukutentha, koma ziwirizi zikakumana amapita. Ine ndinataya miphika isanu ndi itatu chaka china chifukwa cha dontho limodzi la denga limene ndinkati ndikonza mawa. Ndinazindikira nditagwira mmodzi n'kuona chala chikulowa ngati m'papaya wakupsa. Chimene mukufuna ndi malo oti dzuwa lifike, mphepo idutse, koma mvula isagwere. Malata awiri owala aja pamwamba pa kathandala, m'mbali mosatseka, ndi okwanira. Musakulunge ndi pulasitiki mbali zonse, muwaphika.

Za madzi, iwalani masiku a pa kalendala. Kuthirira pang'onopang'ono kawirikawiri ndi kumene kumapha, chifukwa pamwamba pamakhala ponyowa nthawi zonse pamene mizu ya pansi sikhuta. Nthawi yokula thirirani mpaka madzi atuluke pabowo la pansi, kenaka musagwirenso mpaka dothi lonse liume. Lowetsani kamtengo kouma mpaka pansi pa mphika monga momwe mumayesera keke. Kakatuluka kozizira, kali ndi dothi lomata, dikirani. Mu Okutobala kamphika kakang'ono kadothi kamatha kuuma masiku anayi kapena asanu, mu Febuluwale kamatha milungu iwiri. Ikafika Epulo yambani kutalikitsa, ndipo kuyambira pakati pa Meyi lekani. Adzakhwinyata pang'ono, ena adzaoneka ngati alowa m'dothi. Mtima udzakupwetekani, koma musawamvere chisoni. Aang'ono kwambiri okha, osafika kukula kwa dzira la nkhunda, ndi amene mungawapatseko madzi pang'ono kamodzi m'mawa wa tsiku lofunda. Madzi a mvula ndi abwino kuposa a pamjigo, amene m'madera ena amasiya mchere woyera pamwamba pa dothi.

Dothi limene amagulitsa nalo nthawi zambiri ndi lija lakuda, lopepuka, lofewa ngati thonje. Limathandiza wogulitsa, koma pakhomo likanyowa siliuma, ndipo likauma limakana madzi. Lichotseni lonse, ngakhale lomata ku mizu. Ine ndimasakaniza magawo awiri a mchenga wa kumtsinje wokhakhala, gawo limodzi la njerwa zootcha zoswaswa kufika msinkhu wa njere ya chimanga, ndi gawo limodzi la manyowa a masamba owolerana bwino, n'kuwazamo timakala tophwanyika. Mchenga ndi njerwazo ndimasefa kuti fumbi lichoke, popeza fumbi ndi limene limatseka mipata ya mpweya. Timiyala ta kwale tosefa timagwiranso ntchito. Makande ndi katondo asalowemo, amauma ngati simenti. Poyesa, nyowetsani pang'ono n'kufinya m'dzanja: mukatambasula chisakanizocho chiyenera kumwazika, chikaumbika ngati mbamu ya nsima onjezani miyala. Mphika ukhale wobowola pansi, wokulirapo pang'ono chabe kuposa mwini wakeyo, ndipo wadothi wosapaka ndi wabwino kuposa wapulasitiki kwa munthu wa dzanja lokonda kuthirira ngati inu. Mukamusamutsa, mizu imakhala ndi mabala, ndiye papite sabata kapena masiku khumi musanathirire.

Feteleza samufuna wambiri. Urea ndi CAN zisayandikire, zimamutupitsa, khungu n'kung'ambika, maluwa osabwera. Timibulu tiwiri kapena titatu ta D Compound tosungunula m'madzi ambiri, kawiri kapena katatu pakati pa Okutobala ndi Febuluwale, basi.

Tsopano wa mutu wofiira. Ameneyu si chomera chimodzi, ndi ziwiri zokwatitsa. Mutuwo ndi Gymnocalycium mihanovichii, amene makolo ake amamera m'tchire la Chaco ku Paraguay ndi kumpoto kwa Argentina, ndipo kumeneko ndi wobiriwira motuwira, wa mizere yofiirira. Wofiira wa psuu uja anatulukira m'manja mwa alimi a maluwa ku Japan m'zaka za m'ma 1940, ndipo amamutcha Hibotan. Masiku ano ambiri amene ali pamsika wa dziko lonse amachokera ku South Korea. Kufiirako n'chifukwa choti alibe chlorophyll, chobiriwira chija chimene chomera chimapangira chakudya kuchokera ku dzuwa. Payekha sangadzidyetse. Mukamudula n'kumubzala pa dothi amakhala milungu ingapo akudya zimene anasunga, kenaka n'kufa. Achikasu ndi a pinki ndi chimodzimodzi. Akuderako okha, a mtundu wa biringanya, ndi amene ali nacho chobiriwira chobisika, ndipo ena a iwo amatha kukhala pa mizu yawo.

Tsinde lobiriwira la makona atatu limene lamusenza ndi kachidutswa ka dragon fruit, Hylocereus undatus, amene akatswiri tsopano amamuika m'gulu la Selenicereus. Ameneyu nayenso ndi cactus, koma si wa m'chipululu. Ndi woyanga wa kumadera ofunda, wokwera mitengo, wofuna madzi ochulukirapo nthawi yotentha, koma wodana kwambiri ndi kuzizira konyowa. Alimi amamusankha chifukwa amagwira msanga, ndi wotsika mtengo, ndipo amakuza mutu mofulumira. Sanamusankhe kuti akhalitse. Kachidutswa kotalika ngati chala kakudyetsa mutu umene subweza kanthu, ndiye ukwati umenewu ngakhale kwa wodziwa kusamala umatha pa zaka zochepa. Kwa inu unafulumira chifukwa cha dothi losauma lija ndi madzi a Loweruka m'miyezi yozizira. Ndikukhulupirira kuti mukakumbukira bwino, onse awiri anafa pakati pa Juni ndi Ogasiti.

Mukanadziwa, mutu uja mukanaupulumutsa. Tsinde likayamba kufewa m'munsi mutu udakali wolimba, umadulidwa n'kukwatitsidwa pa tsinde lina. Tiana tofiira timene timamera m'mbali mwa mutu nato timakwatitsika, kamodzi pa tsinde lake.

Ndiye inde, mungathe kukwatitsa nokha, ndipo ndikuuzeni kuti ndi kosavuta kuposa mango. Ena amati kumezanitsa, koma ndi chinthu chomwecho. Lamulo loyamba ndi lakuti cactus amakwatira cactus mnzake basi. Ndikunena izi chifukwa anthu ambiri kuno chilichonse chonenepa cha minga amachitcha cactus. Nkhadze ndi abale ake onse a mtundu wa Euphorbia, ngakhale aja aatali ooneka ngati choikapo makandulo amene mumaona m'mapiri a miyala, si ma cactus. Mukawabaya amatuluka mkaka woyera, ndipo mkakawo ukalowa m'maso mudzathamangira kuchipatala. Cactus weniweni mumamudziwa ndi timitsamiro ta ubweya timene minga, ana ndi maluwa zimatulukirapo. Akatswiri amatitcha areole, ndipo palibe banja lina la zomera limene lili nato. Banja lonseli kwawo ndi ku America, kupatula Rhipsalis baccifera, kolendewera ngati zingwe m'mitengo, kamene kamapezekanso m'nkhalango za mu Africa muno, ku Madagascar ndi ku Sri Lanka.

Pa tsinde muli ndi zosankha. Dragon fruit ndi wosavuta kupeza tsopano popeza ena ayamba kulima chipatsocho, ndipo ndi wabwino pophunzirira. Mukamutenga, dulani chidutswa chachitali ndithu, chofika chikhatho kapena kupitirira, osati kachidule ka m'sitolo kaja. Wokhalitsa ndi Trichocereus pachanoi wa kumapiri a Peru ndi Ecuador, kapena Myrtillocactus geometrizans wa ku Mexico, wa khungu lobiriwira mopita ku buluu. Cereus wamtali uja amene ena amabzala pampanda amagwiranso ntchito. Chofunika n'chakuti tsindelo likhale ndi mizu kale ndipo likhale likukula, nsonga yake yowala, ya minga yatsopano. Tsinde logona silipereka madzi olumikizira. Nthawi imene ine ndimaikonda ndi kumapeto kwa Seputembala mpaka mvula isanakhazikike. Kumakhala kofunda, zomera zadzuka, ndipo nkhungu zoolesa sizinachuluke mumpweya. Thirirani tsindelo masiku atatu kapena anayi ntchitoyo isanachitike kuti likhute.

Zida zake ndi lezala latsopano kapena mpeni wopyapyala wakuthwa kwambiri, sipiriti wopukutira, ndi timphira tija tomangira ndalama. Pukutani mpeni musanadule chomera chilichonse chatsopano, chifukwa matenda a ma virus amayenda ndi mpeni kuchoka pa china kupita pa china.

Dulani tsinde mopingasa chakumtunda, pamene mnofu udakali wanthete, kamodzi n'kamodzi, osachita ngati mukucheka thabwa. Kenaka sengani m'mphepete mozungulira, mopendeketsa, ngati mukuyamba kusongola pensulo koma n'kulekera panjira. Ambiri amadumpha pamenepa ndipo ndi pamene amagwera. Bala likamauma mnofu wapakati umalowa pansi koma khungu lolimba limatsala chiimire, ndiye limanyamula mutu uja n'kuulekanitsa ndi tsinde. Mukasenga, khungu silikhalanso ndi pokankhira. Mukatero dulaninso kagawo kopyapyala pamwamba, koma mukasiye pomwepo ngati chivundikiro kuti pasaume pamene mukukonza mutu.

Yang'anani bwino pabala. Pakati mudzaona kamphete, kamzere kozungulira kosiyana pang'ono mtundu ndi mnofu wina. M'menemo ndi modutsa madzi ndi chakudya, ndipo kukwatitsa konse ndi kukumanitsa kamphete ka tsinde ndi kamphete ka mutu. Mnofu wina wonsewo ndi nkhokwe ya madzi chabe. Timphete tiwiriti kawirikawiri sitilingana kukula. Mukakhazika mutu pakatikati penipeni kuti zioneke bwino, kamphete kakang'ono kamagwera m'kati mwa kakakulu osakhudzana, mnofu umamatana ndithu, inu n'kumasangalala, koma pakatha miyezi iwiri mutu uja ukungofota. Usunthireni pambali pang'ono kuti mizere iwiriyo idutsane. Wopendama wamoyo aposa woongoka wakufa, ndipo akamakula kupendamako sikuonekanso.

Dulani mutu m'munsi mwake, chotsani chivundikiro chija, ndipo muukhazike msanga mabala onse adakali onyowa. Usisiteni pang'ono uku ndi uku kuti mpweya utuluke pakati. Kokani timphira tiwiri kuchokera pansi pa mphika kudutsa pamwamba pa mutu, topingasana. Tigwire ndithu koma tisaphwanye, ndipo ngati mutuwo ndi wofewa ikani kathonje pamwamba pake. Sokosi yopyapyala ya amayi yokokera pa minga ya tsinde imagwiranso bwino pa mitu yaing'ono. Muike pamthunzi pofunda, posawomba mphepo yambiri, madzi asakhudze bala. Pakatha masiku khumi mpaka milungu iwiri masulani timphira. Musayese kugwedeza kuti muone ngati wagwira, mayi, ndi chiyeso chimene tonse tinagwamo. Adzakuuzani yekha, nsonga yake ikayamba kuwala ndi kutulutsa minga yatsopano. Tsinde likaphuka nthambi zake muzizithyola, apo ayi chakudya chonse chimathera kumeneko.

Yambani ndi amene simungamulire. Ana a Echinopsis, wozungulira uja amene amabereka ana ambirimbiri m'mbali, ndi abwino pophunzirira. Kwatitsani asanu tsiku limodzi, ndipo atatu akagwira dzanja lanu lakhwima.

Koma ndikufunseni kuti mukufuna kukwatitsa chifukwa chiyani. Ngati ndi mutu wofiira, palibe njira ina. Ngati ndi kupulumutsa cactus amene waola mizu, ndi mankhwala abwino: dulani mokwera mpaka mnofu ukhale woyera wopanda kadontho kofiirira, n'kukwatitsa chotsalacho. Osunga mitundu yochedwa kukula ngati Ariocarpus amakwatitsa mbande za milungu yochepa pa Pereskiopsis, kachitsamba ka masamba kamene simungakhulupirire kuti ndi cactus, ndipo zimene zikanatenga zaka zambiri zimachita maluwa pa zaka ziwiri kapena zitatu. Koma kuipa kwake kulipo. Wokwatitsidwa amanenepa mopitirira, amataya maonekedwe a kwawo, amabereka ana osafunika, ndipo moyo wake umadalira tsinde. Ine cactus amene angathe kukhala pa mizu yake ndimamusiya pa mizu yake. Ngati cholinga ndi maluwa okha, khumi ndi awiri anuwo safuna lezala. Akufuna dzuwa ndi miyezi itatu ya ludzu.

Komanso si onse amene adzakuchitireni maluwa, ngakhale muchite zonse bwino, ndiye ndi bwino kudziwa amene muli nawo. Wozungulira wa minga yachikasu ngati golide, Echinocactus grusonii, sachita duwa mpaka atakula ngati ndowa, ndipo zimenezo ndi zaka makumi awiri kapena kuposa. Saguaro wa ku Arizona, wa mikono uja mumamuona pa zithunzi, amayamba maluwa ali ndi zaka pafupifupi 35. Aatali ngati mizati ambiri m'kamphika sadzayesa n'komwe. Amene amabweza msanga ndi ang'onoang'ono. Mammillaria, wa timabere m'malo mwa mizere, amavala nkhata ya timaluwa ta pinki kuzungulira mutu, ndipo timatuluka pa gawo limene linakula chaka chathachi, n'chifukwa chake chaka cha njala ya dzuwa chimabweretsa chaka chopanda maluwa. Gymnocalycium wobiriwira amachita maluwa adakali wamng'ono ndipo sakonda dzuwa la masana lolasa, amakondwa ndi mthunzi wopyapyala. Parodia wa kum'mwera kwa Brazil ndi Uruguay amatulutsa achikasu owala ngati silika. Rebutia amachita maluwa ambiri kuchokera m'munsi, koma kwawo ndi pamwamba pa mapiri a Bolivia ndi Argentina, ndipo amafuna usiku wozizira ndithu. Ku Dedza kapena ku Mzuzu angasangalale, ku Blantyre ayesetsa, ku Nsanje ndi ku Chikwawa ndi kumuzunza. Ma cactus amatsegula timabowo topumira usiku, osati masana, pofuna kusunga madzi, ndiye malo amene usiku kumatentha ngati masana amawatopetsa a kumapiriwa.

Ngati pakati pa anuwo pali wa timagawo taphanthiphanthi tolumikizana, tolendewera, wopanda minga yolasa, ameneyo ndi Schlumbergera ndipo zonse ndanenazi sizimukhudza. Kwawo ndi m'nkhalango za m'mapiri a kum'mwera chakum'mawa kwa Brazil, pa nthambi za mitengo. Amafuna mthunzi, dothi la masamba ambiri, ndi madzi osalekeza kwa nthawi yaitali. Azungu amamutcha wa Khirisimasi, koma ku Brazil amati duwa la mwezi wa Meyi, ndipo kuno nayenso amachita maluwa cha mu Meyi ndi Juni. Chimene chimamudzutsa ndi usiku wautali, ndiye mukamuika pansi pa babu la pakhonde loyaka usiku wonse sadzachita kanthu.

Chenjeraninso pogula. Mukaona cactus wamng'ono ali ndi duwa louma lowala, losafota mwezi wathunthu, yang'anani m'munsi mwa duwalo. Kawirikawiri mupeza guluu. Ena amafika popaka minga utoto wa buluu kapena wofiira.

Tizilombo timene mudzakumane nato kwambiri ndi kodikodi, yemwe uja woyera ngati ufa amene alimi a chinangwa amamudziwa. Amabisala pakati pa minga ndi m'khosi mwa chomera, ndipo nyerere zikamakwera mphika dziwani kuti zikuweta iyeyo. Kathonje konyika mu sipiriti kamamupha pomwepo, bola muchite madzulo, osati padzuwa. Alipo wina wa ku mizu amene saoneka: cactus amangoima osakula chaka chonse, mukazula mupeza zoyera m'mbali mwa mphika. Tsukani mizu, yanikani masiku angapo, bzalani m'dothi latsopano ndi mphika wotsuka. Kangaude wofiira, yemwe amavutitsa tomato, amabwera nthawi yotentha ndi youma n'kusiya nsonga ngati yachita dzimbiri. Aliyense watsopano amene mwagula akhale payekha mwezi umodzi asanasakanikirane ndi anzake. Koma samalani pamenepa, chifukwa maluwa a Echinopsis amayamba ngati kampira ka ubweya wotuwa m'mbali mwa thupi, ndipo ndikudziwa anthu amene anapukuta maluwa awo oyamba ndi sipiriti poyesa kodikodi. Kodikodi mukamutswanya amatuluka madzi, duwa ndi lolimba ndipo limamera pa kamtsamiro penipeni. Timaluwa tikaoneka musatembenuze mphika kapena kuusamutsa, ena amatiyoyola.

Achemwali anu akafuna kukutumizirani mitundu ina, asakuikireni chomera m'chikwama. Pafupifupi banja lonse la cactus lili pansi pa pangano la CITES loteteza zachilengedwe pa malonda a pakati pa mayiko, ndipo zomera zolowa m'dziko zimafunanso chilolezo cha a zaulimi. Kafukufuku wa mu 2015 anapeza kuti mitundu 31 pa 100 iliyonse ya cactus ili pangozi yotha, ndipo china mwa zifukwa zikuluzikulu ndi anthu ozula m'tchire kukagulitsa kwa osunga ngati ife. Mbali inayo, zidutswa zimene mwadula musaponye kuseri kwa mpanda. Opuntia, cactus wa magawo aphanthi ngati zikhatho, anadzaza mahekitala pafupifupi 24 miliyoni ku Australia mpaka anachita kubweretsa kagulugufe ka Cactoblastis, kamene anakamwaza mu 1926 kuti mbozi zake zimudye. Ku South Africa Cereus jamacaru ali pa mndandanda wa zomera zolanda malo. Zotsala muziyanika pa lata mpaka ziume, kenaka muotche.

Mukawatulutsa chaka chino, musayembekezere zambiri pa dzinja loyamba. Ayambe alimba, atulutse minga yeniyeni, adutse Juni ndi Julayi wawo woyamba ali ouma. Madzi oyamba muwapatse kumayambiriro kwa Seputembala, m'mawa, pang'ono, ndipo achiwiri pakatha sabata ndi theka akhale okhutitsa. Ngati muli ndi Echinopsis, kampira ka ubweya kaja kadzakhala milungu ingapo osasintha, kenaka m'masiku ochepa kadzatalika kuposa chala. Tsiku limene nsonga yake yatupa madzulo musagone msanga. Limatseguka kukada, loyera kapena la pinki, lalikulu mwina kuposa mwini wake, lonunkhira, ndipo likafika dzuwa la masana a mawa lake limakhala litayamba kugwa. Mukafuna njere, tengani mungu ndi kanthenga ka nkhuku usiku womwewo n'kupaka pa duwa la Echinopsis wina wochokera kwina, chifukwa ana othyola kwa mayi mmodzi ndi chomera chimodzi chomwecho ndipo nthawi zambiri sabereketsana.